Vani yatsopano yafika kwa ogulitsa: tisanagule, tiwerenge kaye maulendo



Masiku ano galimoto yatsopano ikangofika kwa ogulitsa, zithunzi zake zimatipeza pa WhatsApp tisanaione ndi maso. Ndi mmene zilili ndi Toyota Hiace ya mtundu watsopano, ija yokhala ndi mphuno kutsogolo. Achinyamata athu akutumizirana zithunzi zake, ndipo pa doko ndi pa msika nkhani ndi yomweyo: titakhala ndi imeneyi, usipa wathu sungagonenso panjira, tomato wathu sangaolerenso m'madengu.

Chilakolako chimenechi si cholakwika. Aliyense amene anadikirapo matola pa Golomoti dzuwa lili pamutu, nsomba zikutentha m'dengu, akudziwa kuti vuto la mayendedwe limatidyera phindu. Koma maganizo athu ndi awa: galimoto ya ntchito sigulidwa ndi maso, imagulidwa ndi katundu. Amene alibe katundu wopita ndi wobwerera chaka chonse, vani imeneyi idzamudya, kaya ndi yatsopano kaya ndi yakale. Ndipo katundu wotere banja limodzi silingakhale naye. Angakhale naye ndi gulu la asodzi a kunyanja ndi alimi a ku Ntcheu atagwirana manja.

Galimoto yake ndi yotani

Tiyambe ndi kuipatsa ulemu wake. Hiace inayamba kupangidwa ku Japan mu 1967, ndipo ndi imodzi mwa magalimoto amene anyamula Amalawi ambiri. Mtundu umene tinauzolowera pa minibasi zambiri za masiku ano unatuluka mu 2004. Watsopanowu unaonetsedwa koyamba mu 2019 ku Philippines, ndipo ku South Africa anautulutsa ndi dzina lakuti Quantum. Kusiyana kwake kwakukulu n'kwakuti injini inachoka pansi pa mpando wa dalaivala n'kupita kutsogolo. Izi zili ndi phindu lenileni: pakachitika ngozi yowombana, pali chitsulo chimene chimayamba kulandira mphamvu chisanafike pa miyendo ya anthu a kutsogolo. Dalaivala sakhaliranso injini yotentha ulendo wonse. Injini yake ya dizilo ndi ya malita 2.8, ya banja limodzi ndi imene ili mu Hilux.

Ilipo yonyamula anthu, ilipo yonyamula katundu yokhala ndi mipando kutsogolo kokha. Ikagulidwa yatsopano imabwera ndi chitsimikizo cha ogulitsa kuti ikawonongeka m'nthawi yoikika adzaikonza. Zonsezi ndi zabwino ndithu, sitikutsutsa.

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere zake si za galimotoyi ayi. Zili m'thumba mwathu, m'misewu yathu ndi m'nyengo zathu.

Mtengo wake umayenda ndi dola

Malawi sapanga magalimoto. Galimoto iliyonse, tayala lililonse, sefa ya mafuta ngakhale bawuti, zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Amene ankasunga ndalama zogulira galimoto anadzuka m'mawa n'kupeza kuti zimene anasunga zaka zitatu sizikukwananso. Mtengo wa chigoba cha usipa unakwera, inde, koma sunathamange liwiro la mtengo wa matayala.

Ndiye pali ngongole. Mu February 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ankabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Tiyeni tiwerengere limodzi mwachitsanzo chabe. Munthu akabwereka K10 miliyoni pa 30 peresenti, chiwongoladzanja chokha pachaka ndi K3 miliyoni, kutanthauza K250,000 mwezi uliwonse, asanabweze ngakhale tambala imodzi ya ngongole yeniyeniyo. Vani yatsopano ya m'shopu mtengo wake umaposa K10 miliyoni kangapo konse. Banki sidziwa kuti kunja kuli mwera. Tsiku lobweza likakwana lakwana basi.

Kwa ife Asilamu nkhaniyi ili ndi mbali inanso: ngongole ya chiwongoladzanja ndi riba, ndipo ndi yoletsedwa. Katapila wa m'mudzi ndiye woipitsitsa. Tibwereranso pa mfundoyi kumapeto, chifukwa njira yololedwa ilipo.

Njira ya pakati pa nyanja ndi Ntcheu

Chifukwa chake tikutchula Ntcheu n'chakuti malonda athu ambiri amayenda pakati pa nyanja ndi mapiri a kumeneko. Kuchokera ku Monkey Bay, Msaka ndi Malembo nsomba zimadzera msewu wa M10 kukafika pa Golomoti. Pamenepo zina zimakhotera mu M5 kulowera ku Kasinje, Sharpevale mpaka ku Balaka, zina zimakwera Khwekhwerere kukatulukira pa Masasa mu M1, n'kumatsikira pa Lizulu, Mlangeni, Biriwiri, pa boma la Ntcheu, Kampepuza mpaka Manjawira. Kumtundako n'kozizira, n'chifukwa chake ku Tsangano ndi ku Lizulu kumachokera mbatata ya kachewere, kabichi, karoti, anyezi ndi tomato, zinthu zimene kunyanja kotentha sizichita bwino. A kumtunda akufuna ndiwo za m'madzi, a kunyanja akufuna za kudimba. Ndi malonda akale, makolo athu ankawayenda wapansi, kenako pa njinga.

Njira imeneyi ndi imene iyenera kusankha galimoto, osati chithunzi cha pa foni. Tiyeni tione zimene imafuna.

Choyamba ndi kulemera. Vani yotere imanyamula katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50. Koma tonse tikulidziwa thumba la kachewere la ku Tsangano, losokerera pamwamba mpaka amuna awiri kulephera kulinyamula. Matumba otere ochepa chabe adzaza kale mulingo wa vani. Zimene zimachitika n'zodziwika: mwini galimoto akaganiza za ngongole amati onjezerani awiri, onjezeraninso awiri. Masipuling'i amagona, matayala amatentha, ndipo potsika Khwekhwerere mabuleki amapsa. Msewu uja ndi wokhotakhota komanso wotsetsereka kwambiri. Galimoto yodzaza mopyola muyeso, dalaivala n'kumadalira buleki m'malo motsika ndi giya yaikulu, ndi imene imasiya ana amasiye. Kwa wonyamula mbatata ndi kabichi, kalole ka matani awiri kapena atatu, monga Dyna kapena Canter, n'koyenera kuposa vani iliyonse, ngakhale sikaoneka bwino pa chithunzi.

Chachiwiri ndi kutentha. Anthu amaganiza kuti vani yotsekeka imasunga nsomba. Ayi ndithu. Vani wamba si furiji. Mwezi wa October ku Golomoti, m'kati mwa chitsulo chotsekeka mumatentha ngati ng'anjo, ndipo chambo kapena utaka wauwisi wopanda ayisi umafulumira kuonongeka kuposa uli pa mphepo. Chimene chimasunga nsomba zaziwisi ndi ayisi wokwanira ndi mabokosi osalowa kutentha. Madzi a nsomba akamatayikira pansi amadya chitsulo, ndipo fungo lake likalowa silituluka. Kumene vani imapambana ndi pa usipa wouma, wofutsa ndi nsomba zowamba: imaziteteza ku mvula, fumbi ndi akuba, bola zisapanikizidwe ndi matumba olemera mpaka kusanduka ufa.

Chachitatu ndi msewu wa kumunda ndi wa kudoko. M1, M5 ndi M10 ndi ya tala, koma mbatata simera pa tala. Kuti mukafike ku dimba kapena ku doko lenileni pali fumbi, miyala, mchenga, ndipo dzinja likafika pali matope. Vani ndi yotsika pansi ndipo imakoka ndi matayala a kumbuyo okha. Ikakhala yopanda katundu imaterereka pa matope, ikakhala yodzaza imakhula mimba pa miyala.

Mafuta ndi makaniko

Injini za dizilo za masiku ano zimapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, ndipo zonse zimayendetsedwa ndi kompyuta. Zimamwa mafuta pang'ono, zimakoka bwino, koma sizipirira dizilo wakuda. Kuyambira mu 2022 takhala tikuona mizere pa malo omwetsera mafuta, nthawi zina masiku angapo. Nsomba zikakhala m'galimoto palibe amene amadikira mzere, aliyense amathamangira wa m'zigubu. Dizilo wa m'chigubu akakhala ndi madzi, fumbi kapena wosakaniza ndi palafini, injini yakale imatsokomola n'kupitirira. Yatsopano imaima, ndipo kukonza kwake ndi ndalama zogulira ukonde.

Ikaima, akonza ndani? Ogulitsa magalimoto a Toyota ali ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuchokera pa boma la Ntcheu, kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 150. Chitsimikizo chija chimagwira ntchito ngati galimoto ikupita ku sevisi kwa iwo m'nthawi yake. Ndiye kuti ulendo uliwonse wa ku sevisi ndi tsiku lathunthu lopanda malonda, mafuta opita ndi obwerera, kuphatikiza bilu. Mukapita nayo kwa makaniko wa pansi pa mtengo, chitsimikizo mwachitaya.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Ku Japan kumene timagula magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, vani ya katundu imene ikugulitsidwabe ndi ya mtundu wa 2004 uja. Watsopanowu anapangira misika ya kunja. Ndiye kuti masipeya otsika mtengo ochokera ku magalimoto ophwasulidwa, amene amadzaza m'mashopu a ku Limbe ndi ku Lilongwe, ambiri ndi a mtundu wakale. Amakaniko athu a ku Ntcheu, Balaka ndi Mangochi anakulira pa mtundu umenewo, amaudziwa ndi khutu. Pa watsopano, sipeya mudzaifuna kwa ogulitsa, pa mtengo wawo.

Tisanamizanenso kuti yakale ndiye yankho la zonse. Galimoto yochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe imafika itayenda kale zaka zambiri. Msonkho wa MRA umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye mtengo wa pa intaneti si umene mudzalipire. Kenako pali kulembetsa ku Road Traffic, COF, inshulansi, matayala oyenera katundu. Ambiri amathera ndalama zonse pogula, galimoto n'kufika pakhomo alibe ngakhale ya mafuta a ulendo woyamba. Mapeto ake Probox kapena Sienta yogulidwira nsomba imasanduka ya matola, anthu kupanikizana ndi madengu, ana kukhala pamwamba pa matumba. Kumeneko n'kuika miyoyo ya anthu pa ngozi, ndipo ngozi ikachitika inshulansi ya galimoto ya katundu siingakuimireni pa anthu amene munawalipiritsa.

Ulendo wobwerera wopanda kanthu

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Chimene chimapha mwini galimoto si mtengo wogulira wokha ayi. Ndi masiku amene galimoto yaima, ndi maulendo amene yabwerera yopanda katundu.

Kuchokera ku Monkey Bay kukafika pa Lizulu ndi makilomita oposa 100. Msodzi akakweza usipa wake yekha n'kubwerera chimanjamanja, usipawo walipira mafuta a makilomita oposa 200. Mlimi wa ku Lizulu akatsitsa kabichi wake yekha n'kubwerera chimanjamanja, kabichiyo walipiranso chimodzimodzi. Magalimoto awiri, madalaivala awiri, matayala asanu ndi atatu, pa ntchito imene galimoto imodzi ikanaigwira. Koma usipa ukakwera, kabichi n'kutsika pa galimoto yomweyo, aliyense walipira theka.

Onjezerani nyengo. Mwezi ukawala usipa sugwidwa bwino chifukwa nyali za siginala sizikoka nsomba. Mwera ukabuka m'miyezi yozizira, maboti amakhala pamtunda masiku angapo. Ikafika nyengo yotseka nyanja kuti nsomba ziswane, makoka ena amapachikidwa. Masiku onsewa vani ya msodzi mmodzi ili pansi pa mtengo wa mango, koma inshulansi ikutha, COF ikutha, dalaivala akufuna malipiro, ngongole ikukula. Kumtunda nakonso kuli nyengo zake: pali miyezi imene tomato amachuluka mpaka kutayidwa m'mbali mwa M1, pali miyezi imene amasowa. Ubwino wake n'ngwakuti nyengo za kunyanja ndi za kumtunda sizigwa pamodzi. Nyanja ikakhala chete kumtunda kuli mbatata, ku chigwa cha Bwanje kuli chimanga, mpunga ndi nandolo zofuna kupita kumsika. Galimoto ya gulu lokhala ndi asodzi ndi alimi omwe imapeza chonyamula pafupifupi mwezi uliwonse. Ya munthu mmodzi siingapeze.

N'chifukwa chake timadandaula tikamva kuti wina akufuna kugulitsa chilimira, injini ya boti kapena ng'ombe zake kuti agule galimoto. Akugulitsa chobweretsa katundu kuti agule chonyamulira katundu. Nanga idzanyamula chiyani?

Ena adzati za magulu tinaziyesa, zimathera m'mikangano. Ndi zoona, ndipo tisabise. Galimoto ya gulu imafa chifukwa cha zinthu zitatu: dalaivala wonyamula matola mobisa, wapampando woitenga kupita nayo ku ukwati wa kwawo, ndi kugawana ndalama zonse osasiya ya matayala. Koma matenda atatu onsewa ali ndi mankhwala, ndipo mankhwala ake ndi cholembera ndi kope. Pamene vuto la munthu mmodzi wokhala ndi ngongole ya banki ndi galimoto yoima lilibe mankhwala ena koma kulandidwa chikole.

Tichite chiyani tsono

Tiyambe ndi kuwerenga, osati kugula. Mabanja khumi kapena khumi ndi asanu, ena a kudoko ena a ku Lizulu, Tsangano kapena Kasinje, agwirizane kulemba m'kope ulendo uliwonse wa katundu wawo: tsiku, katundu wanji, wolemera bwanji, kuchokera kuti kupita kuti, analipira zingati, zinaonongeka panjira ndi zochuluka bwanji. Alembe chaka chathunthu kuti mwera, dzinja ndi nyengo yotseka nyanja zonse zilowemo. Kopelo lidzayankha lokha ngati pakufunika vani, kalole, kapena mabokosi a ayisi basi.

M'chaka chomwecho, tiyese ntchitoyi ndi galimoto ya hayala. Tigwirizane ndi mwini galimoto mmodzi masiku okhazikika pa sabata: kukwera ndi nsomba, kutsika ndi za kudimba. Foni tili nazo, Airtel Money ndi Mpamba tili nazo, palibe chifukwa choti aliyense aziperekeza dengu lake. Mmodzi wokhulupirika akwere ndi katundu wa onse. Ngati sitingathe kugwirizana pa galimoto ya hayala, ya gulu ndiye sitingaithe n'komwe, ndipo ndi bwino kudziwiratu tisanataye ndalama.

Zikayenda, tilembetse gululo ngati kopaletivi ku unduna woona za malonda, motsatira lamulo la makopaletivi la 1998. Alangizi a zaulimi, a zausodzi ndi makomiti a m'madoko aja timati BVC angatithandize njira yake. Gulu lolembetsedwa limatha kutsegula akaunti, kusaina mgwirizano ndi sukulu yogonera konko kapena malo ogona alendo, komanso kupempha thandizo. Pulojekiti ya AGCOM, ya boma mothandizidwa ndi World Bank, yakhala ikuthandiza magulu a alimi kugula zipangizo zikuluzikulu, gulu n'kuikapo gawo lake. Thandizo lotere limapita kwa magulu olongosoka okhala ndi msika wodziwika, osati kwa munthu payekha.

Pa kagulidwe, tipewe riba. Njira yoyamba ndi kusonkherana: aliyense aike gawo lake, phindu ligawidwe monga tagwirizana, ndipo pakagwa chitayiko aliyense asenze molingana ndi gawo limene anaika. Imeneyi ndi musharaka. Njira yachiwiri ndi murabaha: wokhala ndi ndalama agule galimotoyo ikhale yake, kenako atigulitse pa mtengo umodzi wodziwika woti tizilipira pang'onopang'ono, mtengowo osakwera chifukwa chochedwa. Musanasaine pepala lililonse, pitani nalo kwa Shehe wodziwa za malonda komanso kwa munthu wodziwa masamu, aliwerenge onse awiri.

Mgwirizano wa gulu ulembedwe pamaso pa mboni, amfumu adziwe. Mulembedwe kuti makiyi amagona kwa ndani, kuti ulendo uliwonse makilomita a pa galimoto alembedwe ponyamuka ndi pofika, kuti pa ndalama ya ulendo uliwonse gawo la matayala, sevisi ndi inshulansi lichotsedwe kaye musanagawane, kuti mulingo wa katundu sudzapyoledwa ngakhale mwini katunduyo ndi wapampando, komanso kuti matola ndi oletsedwa. Amayi, amene ndiwo ambiri pa ntchito yoyanika usipa pa thandala ndi kugulitsa m'misika, akhale m'komiti ndipo mawu awo amveke. Iwo ndi amene amadziwa bwino mtengo wa mayendedwe chifukwa ndi amene amaulipira tsiku ndi tsiku.

Kodi pamenepa tikuti vani yatsopano ija si yathu mpaka kalekale? Ayi. Gulu limene lili ndi kope la chaka chathunthu, msika wokhazikika wofuna nsomba pa tsiku lake ndi ola lake, komanso ndalama yapadera ya sevisi, lingapeze kuti yatsopano ndi yotchipa pakapita zaka, chifukwa siigona panjira ndi katundu wa anthu. Gulu lotere lipite kwa ogulitsa ndi mafunso ake olemba: imanyamula makilogalamu angati, chitsimikizo n'cha zaka zingati kapena makilomita angati, sevisi iliyonse ndi ndalama zingati, masipeya alipo m'dziko muno kapena ndi oitanitsa, ndipo kodi angaikemo zotchinga kutentha. Wogula wobwera ndi mafunso otere ogulitsa amamulemekeza.

Koma amene ali yekha, ali ndi boti limodzi kapena dimba limodzi, asachite manyazi kuiyang'ana vaniyo, kuiyamikira, n'kubwerera kwawo kukagula ayisi ndi mabokosi. Mwina chaka chino ndalama yake ingapindule kwambiri pa thandala labwino, pa mbewu ya mbatata yosadwala, kapena pa kukonza ukonde. Galimoto idzabwera katundu akachuluka, ndipo ikadzabwera idzapeza ntchito ikuidikira mbali zonse ziwiri za Khwekhwerere.

Pa msonkhano wotsatira wa kudoko kapena wa kalabu ya alimi, wina abwere ndi kope ndi cholembera. Tiyambire pamenepo, in sha Allah.